Mmene mungaphunzirire kumva jazz yovuta ija mumati ndi phokoso

Funso ili ndafunsidwa kambirimbiri: pa msonkhano wa gulu lathu la maliro ku Rosettenville, pa nsima ya Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, ngakhale pa Park Station tikudikira basi ya ku Blantyre. Munthu amandiona ndatsinzina, mahedifoni ali m'makutu, n'kupempha kuti amveko. Sipatha masekondi 20 wandibwezera. "Achimwene, mumamvamo chiyani m'menemu? Aliyensetu akungoimba zake." Mlamu wanga wa ku Turffontein ananena kuti zikumveka ngati oimba akuyesa zida phwando lisanayambe. Sindinamuseke, chifukwa zaka zanga zoyamba kuno ku Joni inenso ndinkamva chimodzimodzi. Yankho lake ndi lalitali, silikwana kulinena chiimire, ndiye ndalilemba pano kamodzi kuti wofunsa ndizingomulozera.

Tiyambe tagwirizana dzina. Kwathu mawu akuti jazz tinawazolowera pa magulu a banjo ndi gitala monga Alan Namoko ndi Chimvu Jazz, ndipo ena amatchula jazz nyimbo iliyonse yofatsa yopanda mawu imene imalira chapansipansi m'malo odyera a ku Sandton. Imene ndikunena pano ndi ina: ija oimba amapeka pomwepo, nyimbo imodzi kutenga mphindi 10 kapena 20, lipenga likulira ngati lasochera. Siifuna kuti mupite kusukulu ya nyimbo. Imafuna luso limodzi, losunga nyimbo m'mutu mwanu pamene woimba waisiya n'kupita kutali. Khutu lomwe linakulira pafupi ndi bwalo la gule luso limeneli lili nalo kale, kungoti silinauzidwe kuti ligwiritse ntchito pano.

1. Konzani pomvera

Sipika ya foni siitulutsa besi, pomwe besi ndiye msana wa nyimbo zimenezi. Womvera pa sipika ya foni akumva theka la gulu, n'chifukwa chake zonse zimamveka zobalalika. Pezani mahedifoni, ngakhale otsika mtengo a m'mashopu a pa Small Street, ndipo muvale makutu onse awiri. Chizolowezi chathu chogawana, wina khutu ili wina khutu ilo, pano chisiyeni kaye, chifukwa zimbale zambiri za kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi za m'ma 1960 anazijambula moti zida zina zili kumanzere, zina kumanja. Musayambire m'takisi ya pa Bree, musayambire mukuchapa kapena mukuphika. Ikani nyimbo m'foni pamene muli pa wifi kuti musamadere nkhawa bandulo, poti nyimbo imodzi muibwereza kakhumi. Magetsi akazima usiku, nyumba yonse ili zii, imeneyo ndiye nthawi yake.

2. Yambirani pafupi ndi kwanu

Ambiri amalakwa poyambira pomwe. Amafufuza pa intaneti chimbale chimene akatswiri amachitama kwambiri, amachitsegula, chimawamenya m'makutu, basi jazz yathera pomwepo. Khanda siliyamba ndi chimanga chokazinga.

Yambani ndi Mannenberg ya Abdullah Ibrahim, ya mu 1974, nthawi imene ankadziwikabe kuti Dollar Brand. Anaijambula ku Cape Town, koma amene anaitulutsa ndi Rashid Vally wa shopu ya zimbale ya Kohinoor kuno ku Johannesburg. Pansi pake pali marabi, kaimbidwe ka m'mashabini a kuno ka m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, makodi (manoti angapo oimbidwa pamodzi) ochepa ongozungulira osatha. Kuzungulira komweko ndi kumene kuli mu kwela, imene inafika kwathu ndi anthu obwerako ku Joni ndi ku Harare, mpaka Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anaisandutsa yathuyathu. Ndiye Mannenberg mudzaimva ngati mlendo wolankhula chilankhulo cha kwanu.

Ntchito yanu ndi imodzi. Piyano ikuzungulira, sakisofoni ya Basil Coetzee yalowa pamwamba n'kuyamba kuyendayenda. Dzifunseni: sakisofoni ikamapita kwina, kodi piyano ija ndikuimvabe? Chitani zimenezi kwa sabata imodzi.

3. Dziwani mawu anayi amene oimba amanena

Oimba a kuno amawanena m'Chingerezi, ndipo mudzawamva choncho. Head ndi mutu wa nyimbo, kachigawo kopekedwa kale kamene gulu limaimba poyamba ndi pomaliza. Solo ndi nthawi imene mmodzi wapatsidwa mpata kuti apeke zake. Bar ndi kamuyeso ka nthawi. M'nyimbo zambiri ndi kugunda kanayi, 1, 2, 3, 4. Mawu achinayi ndi amene amatisokoneza ife a kutchalitchi: chorus. Si kolasi ija timabwereza pakati pa ndime ayi. Mu jazz, chorus ndi ulendo umodzi wathunthu wozungulira nyimbo, kuchoka poyambira mpaka kubwerera pomwepo. Mu blues ulendowu umakhala wa mabar 12, m'nyimbo zina zambiri 32.

Dongosolo lake lili ngati mlandu pabwalo la amfumu. Nkhani imaikidwa pakati, aliyense amaimirira n'kulankhulapo m'njira yake, wina mwachidule wina mozungulira, pomaliza nkhani ija imabwerezedwa kuti onse amve pamene yathera. Olankhula asintha, koma nkhani ndi imodzi.

4. Tsatirani chida chimodzi paulendo umodzi

Tengani So What, nyimbo yoyamba pa chimbale cha Miles Davis chotchedwa Kind of Blue, cha mu 1959. Muimvetsere kanayi, tsiku limodzi kapena masiku anayi.

Ulendo woyamba tsatirani besi yokha ya Paul Chambers. Solo ikayamba, iye amaika noti imodzi pa kugunda kulikonse, ngati munthu woyenda ulendo wa pansi osapumira. Amene munaonapo babatoni ikugwira gulu lonse ndi chingwe chimodzi, ntchito yake ndi yomweyo. Ulendo wachiwiri, ng'oma za Jimmy Cobb. Apa khutu lozolowera amapiano kapena reggae limafufuza nthawi pa ng'oma yaikulu ya kuphazi, n'kusaipeza. Siili pamenepo. Ili pamwamba, pa chitsulo chozungulira chimene amachimenya ndi dzanja lamanja, ting, ting-ti-ting, ndipo tizitsulo tiwiri ta kuphazi lamanzere timatsekana pa 2 ndi pa 4. Gogodani chala patebulo pa 2 ndi 4, osati pa 1 ndi 3. Poyamba zimaoneka zokhota, kenako thupi limagwa m'malo. Ulendo wachitatu, piyano ya Bill Evans. Saimba mosalekeza. Amaponya makodi m'mipata, ngati mkulu amene akuvomereza wolankhula, "eya", "zoonadi", "pitirizani". Ulendo wachinayi ndiye mumvetsere malipenga.

Musathamangire malipenga poyamba. Ndi amene amafuula kwambiri, koma ndi amenenso amapita kutali kwambiri.

5. Sungani ulendo wa nyimbo m'mutu, ngakhale palibe akuuimba

Apa ndi pamene pali nkhani yonse, ndipo ndi pamene olangiza ambiri amadumpha. Amangokupatsani mndandanda wa zimbale n'kunena kuti mverani ndi mtima. Mtima wokha sukwanira ngati simukudziwa pamene mwaima.

Bwererani ku So What. Ikatha kachiyambi kofatsa ka piyano ndi besi, besi imafunsa funso, piyano imayankha ndi makodi awiri, kenako malipenga amalowa kuthandiza kuyankhako. Wotsogolera ndi ovomereza, monga nyimbo ya pamtondo. Mutu umenewu ndi wa mabar 32, ogawidwa panayi, 8 chigawo chilichonse. Chigawo choyamba ndi chachiwiri n'zofanana. Chachitatu nyimbo yonse imakwera pang'ono, ngati mwaponda sitepe yaifupi. Chachinayi imatsikanso pamene inali. Ulendo wonsewu sukwana bwino mphindi imodzi.

Werengani motere: 1-2-3-4, 2-2-3-4, 3-2-3-4, mpaka 8-2-3-4, kenako pindani chala chimodzi. Zala zinayi zikapindika, chorus yatha, tambasulani dzanja muyambirenso. Chitani zimenezi pa mutu wokha mpaka muzitha kudziwiratu kuti kukwera kuja kukubwera.

Tsopano Cobb amamenya chitsulo kamodzi mwamphamvu, phwaa, ndipo Miles amayamba solo. Kuyambira pamenepa palibenso amene akuimba funso lija. Koma nyimbo sinachoke. Besi ndi piyano zikuyendabe m'mabar 32 omwe aja, kukwera pa chigawo chachitatu, kutsika pa chachinayi. Ntchito yanu ndi kung'ung'udza funso la besi lija chamumtima pamene Miles akulankhula zake pamwamba. Miles amazungulira kawiri ndi lipenga, John Coltrane kawiri ndi sakisofoni, Cannonball Adderley kawiri ndi sakisofoni ina, Evans kamodzi pa piyano, kenako mutu umabwerera.

Musochera, ndipo ndikuuzeni pamene musocherere. Chigawo chachinayi cha chorus imodzi chikalumikizana ndi zigawo ziwiri zoyamba za chorus yotsatira, pamakhala mabar 24 osasintha kalikonse, tchire lokhalokha ngati msewu wa ku Tete usiku, wopanda chikwangwani. M'menemo ndi mmene chiwerengero chimatayikira. Mukasochera musabweze nyimbo m'mbuyo. Khalani phee, mudikire kukwera kuja. Kukangofika, dziwani kuti muli pa bar 17, pindani zala ziwiri, pitirizani. Kuphunzira kudzipezanso n'kofunika kuposa kusasochera, chifukwa oimba enieniwo amachita chomwecho.

Pa solo ya Miles mugwira msanga, poti iye amasiya mipata yaikulu, amanena mawu ochepa n'kupuma. Coltrane akalowa, manoti amakhuthuka ngati chimanga chotuluka m'thumba long'ambika, ndipo khutu limafuna kuthamangira lililonse. Musathamangire. Gwirani besi, musiyeni Coltrane adutse pamwamba panu. Mudzadabwa kuti mukumumva bwino pamene mwasiya kumuthamangitsa.

Ine zinanditengera pafupifupi masabata atatu. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ya ulonda, shifiti ya usiku, m'kanyumba ka pageti. Unali mwezi wa July, kuzizira kwa Joni kuja kolowa m'mafupa, ndavala majuzi awiri, tiyi wazizira m'kapu. Cha m'ma 2 koloko, Coltrane ali pakati pa solo yake, ndinaona kuti mapewa anga akwera okha, ndipo patangotha kugunda kumodzi nyimbo nayo inakwera. Zala zinali m'thumba, sindinkawerenga. Thupi linali litadziwa njira. Ndinaibwereza nyimboyo katatu usiku umenewo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva kuti Coltrane amafika pa sitepe ija akuiyembekezera, nthawi zina amaikwera mofulumira, nthawi zina amachedwa dala.

Zimenezi si zachilendo kwa ife. Pa gule, ng'oma zina zimagwira kayendedwe kosasintha, pomwe mbalule imatuluka, kukalankhula ndi mapazi a wovina, kudumpha, kubwerera. Palibe wa pabwalo amene amati woimba mbalule wasochera, chifukwa aliyense ng'oma zinazo wazisunga m'thupi, m'manja akuomba. Kukoma kwa mbalule kuli pa mtunda umene yatalikira kuchoka pa zinzake ndi mmene yabwererera. Wosamva ng'oma zapansi, mbalule kwa iye ndi phokoso. Solo ya jazz ndi chimodzimodzi.

Chenjezo limodzi: kuwerenga ndi ndodo yoyendera, si ulendo. Mukayamba kumva kukwera kusanafike, lekani kuwerenga. Ndikudziwa anthu amene anakakamira pa manambala, amakuuzani bar iliyonse molondola koma nkhope ili gwa. Mukafuna kuyesa ngati lusoli lakhazikika, pitani pa nyimbo yachiwiri ya chimbale chomwecho, Freddie Freeloader, imene ndi blues ya mabar 12, muone ngati mungapeze poyambira pa chorus iliyonse popanda zala.

6. Lowani m'madzi akuya pang'onopang'ono

Yambani ndi Yakhal' Inkomo ya Winston Mankunku Ngozi, ya mu 1968. Dzinalo likunena za kulira kwa ng'ombe. Inatuluka nthawi ya tsankho, pamene mawu olankhulidwa ankatha kumangitsa munthu, ndipo sakisofoni inanena zimene pakamwa sipakanatha. Pano muphunzirapo kuti liwu losasa, long'ambika, si kulephera kuimba. Amene munamvapo mayi akubuma maliro m'bandakucha mukudziwa kuti liwu likasweka ndi pamene lanena zoona.

Kenako A Love Supreme ya Coltrane, yojambulidwa mu December 1964, ya zigawo zinayi. M'chigawo choyamba besi ya Jimmy Garrison imagwira manoti anayi, ndipo amenewo ndiwo chingwe chanu. Chakumapeto Coltrane amawatenga manoti anayi omwewo n'kuwayendetsa m'mwamba ndi m'munsi, malo osiyanasiyana, ngati munthu amene akugogoda zitseko zonse za m'mudzi ndi uthenga umodzi. Ng'oma za Elvin Jones zimamveka ngati akuimba anthu awiri kapena atatu, kugunda kutatu kukuyenda pamwamba pa kuwiri, zimene magule athu amachita tsiku lililonse. Chigawo chomaliza, Psalm, chilibe kugunda koti muwerenge: Coltrane akuwerenga ndi sakisofoni pemphero limene analemba pachikuto cha chimbalecho. Mumvetsere monga mumvetserera munthu akupemphera.

Pachitatu, Lonely Woman ya Ornette Coleman, ya mu 1959. Mulibe piyano. Ng'oma za Billy Higgins zikuthamanga, malipenga awiri akuyenda pang'onopang'ono ngati anthu operekeza maliro, ndipo nthawi ziwirizi sizikumana mmene munazolowerera. Zala sizikuthandizaninso apa. Chimene mugwire ndi mutu wa nyimbo umene mwausunga, komanso funso latsopano: ndani akuyankha ndani? Lipenga likanena kanthu, besi ya Charlie Haden yatani? Luso la pa gawo 5 ndi lomwelo, kungoti chosungidwacho tsopano si mabar, ndi nkhani.

Mukafika pa Free Jazz ya Coleman yemweyo, yojambulidwa mu 1960, mupeza oimba 8, magulu awiri a anthu anayi, lina kumanzere lina kumanja, akuimba limodzi kwa mphindi pafupifupi 37. Pano pokha ndikulolani kuvula khutu limodzi. Mverani gulu la kumanzere lokha mphindi zisanu, la kumanja lokha mphindi zisanu, kenako valani onse awiri. Musadzikakamize kumaliza tsiku loyamba.

Koma mukandifunsa ine, khomo labwino la khutu la Mmalawi lolowera m'jazz yomasuka chonchi si la ku America. Ndi la a Blue Notes: Chris McGregor, Dudu Pukwana, Mongezi Feza, Nikele Moyake, Johnny Dyani ndi Louis Moholo, amene anachoka m'dziko lino la South Africa mu 1964 chifukwa malamulo a tsankho ankapanikiza gulu la akuda ndi mzungu kuimbira limodzi. Ku London anakumana ndi oimba omasuka a kumeneko, ndipo m'gulu lalikulu la Brotherhood of Breath malipenga amakuwa, amakangana, amabalalika, koma pansi pake kwela ndi marabi zikuyendabe. Mumagwa, koma mumagwera pa mphasa ya kwanu.

Sikuti chilichonse chovuta n'chabwino, ndipo sikuti chabwino chilichonse n'chanu. Ascension ya Coltrane, ya oimba 11, ndimailemekeza koma ndimaitsegula mwa apo ndi apo. Lamulo langa ndi ili: nyimbo ipatseni maulendo atatu pa masiku osiyana. Ikakana, isungeni miyezi ingapo, mudzaiyesenso. Chimene musachite ndi kugwedeza mutu pagulu kuti anthu aziti mukumva pomwe simukumva. Mukatero mwadzitsekera nokha njira yofunsira.

7. Pitani mukaone ndi maso

Tili mumzinda umene nyimbo zimenezi zinakulira, ndipo ambiri a ife timangodutsa. Ku Newtown, pafupi ndi Market Theatre, pali chiboliboli cha Kippie Moeketsi atakhala ndi sakisofoni yake. Iyeyu, pamodzi ndi Hugh Masekela, Jonas Gwangwa, Dollar Brand, Johnny Gertze ndi Makaya Ntshoko, anajambula chimbale cha Jazz Epistles mu 1960, chaka chimene apolisi anapha anthu ochita zionetsero ku Sharpeville, ndipo pasanapite nthawi ambiri a iwo anali atabalalikira kunja. Nafenso tili ndi dzanja m'nkhaniyi: mwana wa kwathu Erik Paliani ndi amene anakonza chimbale cha Masekela chotchedwa Phola.

Malo oimbira amatsegulidwa n'kutsekedwa. The Orbit ya ku Braamfontein inatsekedwa mu 2019, ndiye funsani kaye musananyamuke. Yang'anani za Untitled Basement ku Braamfontein komweko ndi Niki's Oasis ku Newtown. Chikondwerero cha Joy of Jazz cha ku Sandton chimabweretsa mayina akuluakulu, koma kwa wophunzira kachipinda kakang'ono n'kopambana, chifukwa mumaona nkhope. M'malokishi mulinso magulu a okonda jazz amene amakumana Lamlungu kumvetsera zimbale, wina n'kuimirira kuvina yekha kavinidwe kotchedwa diga. Mnzanu wa kuntchito akakuitanirani kumeneko musakane: mapazi a wovina diga amakuonetsani pamene nthawi ili bwino kuposa mmene ine ndingalembere.

Mukalowa, khalani pamene mukuona woimba ng'oma ndi wa besi, osati kutsogolo kwa lipenga. Onani mmene amayang'anirana. Solo ikamatha, woimba amakweza maso kapena kubwerera m'mbuyo pang'ono. Ombani m'manja solo iliyonse ikatha, ngakhale nyimbo ikupitirira; ndi mwambo wake. Besi ikatsala yokha musayambe kucheza, imeneyo ndi nthawi imene chipinda chimayenera kukhala chete. Ndipo konzeranitu za kabwereredwe musanachoke pakhomo, poti matakisi amakhala atasiya kuyenda, ndipo m'tauni usiku si moyenda wapansi ndi foni m'manja. Kupita awiri kapena atatu n'kugawana mtengo wa galimoto ndiye njira.

Chizindikiro chimodzi muchiyang'anire: mtsogoleri akafuna kuti gulu libwerere ku mutu wa nyimbo, kawirikawiri amagwira pamutu pake ndi dzanja. Mlamu wanga uja ndinamutenga mwezi wa March, atatha masabata angapo akulimbana ndi So What pobwera kuntchito. Free Jazz amaikanabe mpaka lero, ndipo sindimukakamiza. Usiku umenewo nyimbo yachitatu inatalika, woimba sakisofoni anapita kutali moti tebulo la pafupi nafe linayamba kuyang'ana mafoni. Mlamu anali chete, chala chikugogoda pa botolo pa 2 ndi 4. Kenako anandigwira pamkono n'kunong'ona, "Alamu, akubwerera tsopano." Mtsogoleri anali asanakweze dzanja. Patapita mabar awiri analikweza, n'kugwira pamutu.